Oyilo wa Boti pa Makina a Atate

Luangwa Boma
16 Okutobala 2024

Edmond, mlongo wanga,

Atate atuluka m'chipatala dzulo masana. Fupa la mkono wamanja linathyoka pamalo amodzi, pafupi ndi dzanja, ndipo akhala ndi pulasitala milungu isanu ndi umodzi. Mutu aupima, ulibe vuto. BP yatsika. Akudya ndi supuni kudzanja lamanzere, lomwe lija linafooka ndi sitiroko, choncho chakudya china chimathera pathebulo, koma akukana kudyetsedwa.

Mwambo umati ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako. Ndikufunsa. Uli bwanji, pamodzi ndi alamu anga a Karen ndi ana? Ndikhulupirira muli bwino, popeza munthu wodwala sangalembe mauthenga khumi ndi anayi tsiku limodzi monga unachitira Lachisanu. Ife kuno tilipo. Kukutentha monga umadziwira Okutobala wa kwanu, ngati ukumukumbukirabe.

Ndalemba papepala dala. Pafoni umandidula mawu ndisanafike pakati, ndipo pagulu lathu la banja pali anthu makumi awiri ndi atatu, ena sindiwadziwa n'komwe. Kalatayi ndipatsa kondakitala wa basi ya mawa m'mawa. Ikupeza Loweruka lisanafike. Uiwerenge yonse usanalize motoka.

Pagulupo unalemba kuti mwamuna wanga Terence, amene unamutcha "wansomba uja", ndiye anathira oyilo wa boti m'makina oyendapo amene unagulira atate. Limenelo ndi bodza. Unalembanso kuti ine ndalephera kusunga atate. M'mawu amenewo muli choonadi, koma si chimene ukuganiza iwe. Kenaka unalengeza kuti Loweruka ukubwera kudzawatenga akakhale nawe ku Lusaka, ngati ukukamba za thumba la chimanga limene unasungitsa.

Ndiyambire pa Malichi, chifukwa iwe nkhaniyi umaiyambira tsiku limene unagula makina.

Atate atadwala sitiroko tinawachotsa ku Kavalamanja n'kubwera nawo kuno kwanga, kufupi ndi chipatala. Mayi amene amawaphunzitsa kuyenda kuchipatalako anati mankhwala aakulu ndi kuyenda tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono, pamalo opanda zitunda, wina ali pambali. Tinayamba ndi njira ya kumtsinje m'mamawa. Sizinakhalitse. Chilala cha chaka chino chatsitsira njovu kumadimba, ndipo kawiri tinapeza ndowe zofunda panjira yomwe tinkadutsa. Munthu wokoka mwendo sangathawe njovu. Dzuwa likakwera njovu zimachoka, koma nthawi imeneyo mchenga umaotcha ngakhale wavala nsapato.

Woyamba kutchula makina ndine. Usaiwale zimenezo, chifukwa unalemba ngati nzeru inali yako ndipo ine ndinkangotsutsa. Sindinakane makina. Ndinakana makina awa.

Ndinatha milungu iwiri ndikuwerenga ndi kufunsa mayi wa kuchipatala uja. Pa 2 Juni ndinakutumizira zofunika, ndipo uthengawo ukadali pafoni yako. Ndinati makinawo akhale ndi zogwirira zazitali mbali zonse ziwiri, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, chifukwa munthu wa sitiroko amagwera cham'mbali. Ndinati athe kuyamba mochedwa kwambiri, theka la kilomita pa ola. Ndinati pokwerera pakhale pafupi ndi pansi. Ndinakupemphanso kuti ufunse wogulitsa chimene lamba wopondapo amachita malaiti akazima mwadzidzidzi, popeza chaka chino amazima kuposa mmene amayakira.

Unayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu.

Amene anafika mu Julayi ndi makina a anthu othamanga. Zogwirira zake n'zazifupi ngati za njinga. Liwiro lake lotsikitsitsa ndi kilomita imodzi pa ola, limene kwa iwe si kanthu, koma kwa atate nthawi imeneyo kunali ngati kupirikitsidwa. Pokwerera m'patali ngati pakhomo pa basi. Ali ndi galasi lalikulu loonetsa mapiri a kunja, ndi malo awiri oikapo botolo la madzi, ngati munthu amamwa ndi pakamwa pawiri. Ndikudziwa chifukwa chake unasankha amenewa. Anaoneka bwino pachithunzi chimene unaika pagulu, iwe utaima pambali pake dzanja lili pagalasi. Anthu anakuyamika tsiku lonse.

Ndiye pali nkhani ya katoni. Kuti makinawo akwane palole ya nsomba yobwerera kuno, unawatulutsa m'katoni n'kuwakulunga m'mabulangete. Katoniyo inatsala m'garaja mwako. M'menemo munali buku la malangizo, kasipanala kowongolera lamba, ndi kabotolo ka mafuta a silikoni. Bukulo ndinalipeza pa intaneti. Kasipanala kofanana nako anakapeza Terence m'bokosi lake la zida za boti. Koma silikoni wa makina kuno kulibe. Ndinazungulira mashopu onse a paboma, ndipo wina anandipatsa chomatira magalasi a m'mazenera, akulumbira kuti n'chimodzimodzi.

Ndikufotokozere, popeza bukulo sunaliwerenge. Lamba amatsetsereka pamwamba pa thabwa. Pakati pa ziwirizi pamafunika mafuta amenewo chabe, osati ena alionse. Buku limati azithiridwa pakapita miyezi itatu, ndipo kumalo otentha ndi afumbi ngati kuno, msanga kuposa pamenepo. Ndinakupempha kabotoloko pa 20 Julayi, pa 11 Ogasiti ndi pa 15 Seputembala. Kawiri koyamba sunayankhe. Kachitatu unati makina atsopano safuna mafuta, ndipo ndileke kufunafuna zilema pa mphatso ya munthu.

Zimene ndikanatha ndinachita. Tinawaika m'chipinda chochezera, kutali ndi zenera la kumsewu. Ndinkawapukuta m'mawa uliwonse n'kuwavundikira ndi chitenje. Ndinkasesa mchenga pansi pake, chifukwa mchenga ukalowa mkati umadya thabwa. Atate anali ndi nsapato za pamakina pokha, zosatuluka panja. Loweruka lililonse ndinkaona ngati lamba wapendekera mbali imodzi, ndi kumubweza pakati ndi kasipanala kaja.

Lamulo linali lakuti atate sakwera popanda munthu pambali, ndipo kachingwe ka kiyi yofiira kazikhala kopanira ku shati yawo, kuti akaterereka kiyi izuke, makina aime. Malaiti akazima lamba amaima nthawi yomweyo, ngati boti logunda mchenga, munthu n'kupita kutsogolo. Limenelo ndilo yankho la funso limene sunafunse kusitolo. Choncho ine kapena Terence tinkaima kumbuyo kwawo, dzanja lili m'chiuno mwa buluku lawo, kwa miyezi itatu.

Tsiku loyamba atate anawayang'ana makinawo nthawi yaitali, n'kufunsa kuti munthu akayenda pamenepa amakafika kuti. Nditayankha kuti safika kulikonse, anati ndiye kuti sasiyana ndi msonkhano wa komiti ya asodzi. Koma anakwera, chifukwa wotumiza unali iwe. Anzawo a kudoko akabwera kudzacheza, ankavundukula chitenje n'kuwaonetsa, amvekere izi zachokera kwa mwana wanga wa ku Lusaka. Wosesa pansi pake sanatchulidwepo. Sindikudandaula, ndikungolemba zimene zinkachitika.

Ndipo anapita patsogolo. Anayamba ndi mphindi zitatu, pofika Seputembala anali pa khumi ndi zisanu. Ankalemba nambala ya tsiku lililonse pakalendala ya kutchalitchi yomwe ili pakhoma. Makina ako olakwikawo anathandiza. Ndalemba zimenezi kuti usadzati ndinabisa.

Kumapeto kwa Seputembala lamba anayamba kulira, kulira kouma, ndipo chipinda chinkanunkha mphira wotentha.

Atate umawadziwa. Zaka makumi atatu ndi zisanu akuolotsa anthu ndi nsomba kupita kutsidya, ku Zumbo, poyamba ndi nkhafi, kenaka ndi injini. Injini ija ndiyo inakufikitsa kuyunivesite, ndipo sinawafere pakati pa madzi ngakhale kamodzi. Lamulo lawo unalimva kambirimbiri uli mwana: chitsulo chikalira chili ndi ludzu, ndipo mwini wake akachisiya chikulira ndi munthu wopanda manyazi. Anandifunsa kawiri chifukwa chake sindikuthira mafuta. Ndinati tikudikira apadera ochokera kwa Edmond. Anati mafuta ndi mafuta. Ndinati ayi, n'kuthera pomwepo, chifukwa ndinali ndi mulu wa mapepala a mayeso oti ndichonge. Ine mphunzitsi wa sayansi, amene ndimafotokozera ana a eni ake chimene oyilo amachita ku mphira, atate anga sindinawafotokozere.

Lamlungu pa 6 Okutobala ife tinapita kutchalitchi. Iwo anatsala, anati kwatentha. Anayenda ndi ndodo mpaka kukachipinda kosungiramo zida, natenga botolo la oyilo wa injini ya boti pashelefu ya Terence. Anagwada, ndipo uganizire nthawi imene kugwada kokhako kunawatengera. Anatukula m'mphepete mwa lamba ndi chigwiriro cha supuni, nathira mbali zonse ziwiri, napukuta zotayikira ndi kansalu, nabweza botolo pamalo pake. Inali ntchito yaukhondo, ya munthu wodziwa kusamala chitsulo.

Kulira kunatha. Koma oyilo wa injini amafewetsa lamba, ndipo amayenderera mpaka pachogudubuza cha kutsogolo chimene chimamukoka. Zikatero mota imazungulira, lamba n'kuima kamphindi phazi likaponda, kenaka n'kugwira ndi kukoka mwadzidzidzi.

Manje ndifike pa gawo langa.

Lolemba m'mawa ndikupukuta makina ndinamva fungo. Ndakhala pabanja ndi munthu wa maboti zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, fungo limenelo sindingalisokoneze ndi lina. Ndinalowetsa chala pansi pa lamba, chinatuluka chonona. Ndinadziwa chimene chinali. Ndinadziwa amene anathira. Tsamba lochenjeza za zimenezi ndinali nditaliwerenga kangapo.

Choyenera kuchita chinali chaching'ono: kuzula kiyi yofiira ija ndi kuiponya m'chikwama changa. Popanda kiyi makinawo sayaka. Sindinatero. Ndinatenga foni n'kujambula chala changa, n'kujambulanso botolo la oyilo, kuti ndidzakutumizire tsiku limene makina adzafe, pamodzi ndi masiku atatu aja amene ndinakupempha silikoni. Ndinkafuna afe okha, gulu lonse likuona, iwe usowe choyankha. Ndinadziuza kuti malaiti sakubwera masana masiku ano, ndipo Loweruka ndidzatsuka zonse. Terence sindinamuuze. Atate sindinawauze kanthu. Ndinavundikira chitenje n'kupita kusukulu, kiyi ikulendewera pamalo pake.

Ndinasonkhanitsa umboni m'malo moteteza munthu. Palibe dzina lina limene ndingazipatse.

Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu malaiti sanabwere nthawi imene atate amayenda. Pakalendala panatsala mabokosi atatu opanda nambala, ndipo zinkawawawa. Lachinayi cha m'ma teni koloko atate anamva firiji yayamba kulira, nadziwa kuti malaiti abwera. Ine ndinali m'kalasi, Terence ali kudoko akupima nsomba. Anavundukula chitenje nakwera okha. Kachingwe ka kiyi sanapanire ku shati, chifukwa kapani kake n'kolimba kwa zala zawo.

Akuti anayenda mphindi zinayi bwinobwino, makina ali chete, iwo akunyadira ntchito yawo. Kenaka lamba anaima pansi pa phazi nakoka. Anagwera kumanja, kumene chogwirira chachitali chikanakhala, natsogoza dzanja lawo lamphamvu. Lamba anapitiriza kuyenda akuwasupula bondo mpaka anakoka waya pakhoma ndi ndodo.

Terence anawapeza patapita pafupifupi ola, atatsamira khoma, atanyamula mkono ndi dzanja linalo. Mawu awo oyamba anali oti avundikire makina, alendo angaone.

Anawanyamula ndi Terence. Anathamangira nawo kuchipatala ndi Terence. Utaimba foni madzulo ake ndinakuuza kuti pansi pa lamba papezeka oyilo. Unafunsa kuti oyilo wa ndani. Ndinati botolo ndi la Terence, ndipo unadula foni ndisanamalize. Mawa lake mauthenga anayamba.

Terence anawerenga onse khumi ndi anayi, kuphatikizapo uja unati anthu a nsomba amadziwa mamba chabe, ndi uja unati ndinakwatiwa ndi fungo. Ndinatenga foni kuti ndiyankhe, iye anandigwira dzanja. Anati mkamwini salozera chala apongozi ake pagulu, ngakhale amutukwane. Anati atate, a Everisto, ndi munthu amene doko lonse limamuvulira chipewa, ndipo salola kuti anthu a m'tauni aziseka kuti mdala anathira oyilo wa boti m'makina a m'nyumba. Anati msana wake ndi waukulu, zitha. Mwambo umenewu unakulira momwemo, Edmond. Ukanaima kamphindi ukanadabwa kuti munthu amene amakonza injini za theka la doko angalakwe bwanji chonchi, ndiponso chifukwa chake sakudziteteza. Sunaime, chifukwa wolakwa amene unapeza ndi amene unkamufuna kuyambira tsiku la ukwati wanga.

Iye anakhala chete chifukwa cha ulemu. Ine ndinakhala chete pambali pake masiku anayi chifukwa kukhala chete kwake kunkandibisa inenso. Zimenezinso uzidziwe.

Atate anamva za mauthengawo Lolemba lapitali, akadali m'chipatala. Azakhali a Emelina anaoloka kuchokera ku Zumbo kudzaona mlongo wawo, ndipo umawadziwa kuti nkhani siigona m'kamwa mwawo. Anawawerengera mauthenga ako onse ali pabedi, ena kawiri. Atate anandiitana. Anati, "Lembera mlongo wako. Umuuze kuti wothira ndine, ndi dzanja langa, mutu uli bwinobwino. Mkamwini wanga asasenze katundu wanga."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanadikire. Anati, "Sindinafune mwana amve kuti chinthu chake chikufera m'manja mwanga."

Pamenepo ndinawauza za chala changa, za chithunzi, ndi za kiyi. Azakhali anagwira pakamwa. Atate anati ndiye kuti nyumba ino ili ndi zitsiru ziwiri, chimodzi chophunzira. Atatero anapempha madzi akumwa. Terence ndinamuuza tsiku lomwelo. Sanakambe zambiri, ndipo mpaka lero sakukamba zambiri. Imeneyo ndi nkhani ya m'nyumba mwanga, ndiikonza ndekha.

Ndikudziwa mmene uigwiritsire ntchito kalatayi. Utenga theka lake unene kuti mutu wa atate wasokonezeka, munthu wabwinobwino sangathire oyilo wa boti m'makina. Utenga theka linalo unene kuti Thecla wavomera yekha kuti sangasunge munthu. Mbali zonse zikufikitsa ku Lusaka.

Za mutu wawo, dokotala anawafunsa tsiku, mwezi, maina a ana ndi a adzukulu, anayankha zonse, n'kumuwongoleranso dokotalayo pa nkhani ya kuphwa kwa Zambezi. Zimene anachita Lamlungu lija zinali zanzeru malinga ndi zimene ankadziwa. Anamva chitsulo chikulira, anapeza chifukwa chake, ndipo chifukwacho chinali choona: lamba analidi wouma. Chimene chinawasowa ndi mfundo imodzi, imene ndinali nayo ine, ndi kabotolo kamodzi, kamene kali m'garaja mwako.

Za ine, ndavomera. Chikhululuko ndapempha kwa atate ndi kwa Terence. Kwa iwe sindikupempha, chifukwa amene ndinamulakwira si iwe. Koma kulakwa kwanga sikusandutsa nyumba yako kukhala malo abwino kwa iwo.

Kuti munthu afike pakhomo pako amakwera masitepe makumi awiri ndi awiri. Ndinawawerenga pa Khirisimasi. Atate ali ndi mwendo umodzi wodalirika, ndipo manje alibe dzanja logwirira. Akakwera kamodzi sadzatsikanso. Iwe ndi alamu mumachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, ana ali kusukulu. Adzatsala ndi wailesi ya kanema ndi mpanda wa njerwa. Kuno chipatala chili pamtunda wa mphindi khumi, ndipo mayi uja mwendo wawo amaudziwa kuyambira Malichi. Masana alionse pakhonde pamabwera anzawo kudzakangana za mitengo ya nsomba ndi za amene anagwira nsomba yaikulu ya mcheni chaka chakutichakuti. Ali pampando amaona madzi. Kuchoka pa mphindi zitatu kufika pa khumi ndi zisanu kunachitikira kuno.

Wansomba ujanso, kuyambira Lamlungu, akuzika mapaipi awiri pakhonde, ofika m'chiuno, otalika mamita asanu ndi atatu, ofanana ndi a kuchipatala. Mayi uja anabwera yekha kudzapima msinkhu wake. Mapaipiwo safuna malaiti, safuna silikoni, ndipo ali ndi zogwirira kuyambira koyambira mpaka kothera. Atate adzayamba kuyendamo mayiyo akalola. Tikanayenera kuganiza zimenezi mu Juni, ine woyamba, koma maso anga anali pa intaneti.

Makina ako ali pomwe anali, ovundikira, waya wochotsa. Kiyi ili m'chikwama changa, mochedwa ndi masiku atatu. Lamba wawonongeka, afunika watsopano, ndipo thabwa ndi chogudubuza zifunika kutsuka mpaka oyilo yense atachoka. Mota ili bwino. Ndi makina abwino kwa munthu wa miyendo iwiri yamphamvu, ndipo pachithunzi chija ndinaona kuti mimba yayamba kukutsogolera. Ngati motoka yako ikufuna katundu wobwerera naye ku Lusaka, katundu ndi ameneyo. Silikoni uli naye kale. Uzithira miyezi itatu iliyonse, uzisesa pansi pake, ndipo kachingwe kofiira uzipanira ku shati.

Pali chinanso chimene uyenera kudziwa. Azakhali sanabwerere ku Zumbo. Akuti adikira Loweruka. Anakamba pamaso pa atate kuti motoka ikabwera ndi mphamvu, boti lili padoko, kuoloka sikutenga nthawi, ndipo motoka ya ku Lusaka siisambira. Atate sanaseke ndipo sanakane. Ine sindikufuna zimenezo, chifukwa kutsidyako adzakhala kutali ndi mayi wowaphunzitsa kuyenda, ndipo zimene apeza miyezi isanu ndi iwiri zidzabwerera m'mbuyo. Koma ukawakankha adzapita kumeneko, osati kwako. Tidzawataya tonse awiri.

Choncho ndikupempha zinthu zimene ungathe. Mawu amene unamunenera Terence uwabweze pagulu pomwepo pamene unawalemba, anthu makumi awiri ndi atatu omwewo awerenge. Sukusowa kutchula atate. Ungolemba kuti unalakwa ndipo si iye. Ngati ukufuna wina woti umuloze, lemba dzina langa, ndipo sinditsutsa.

Ndipo usabwere ndi chigamulo m'thumba. Dzulo tikutuluka m'chipatala ndinawafunsa atate chimene ndikuuze za Loweruka. Anati, "Abwere, ndamusowa. Koma adzandifunse ine, osati foni."

Upereke moni kwa alamu anga, amene pagulu paja sanalembepo kanthu, ndipo ndinaona. Ana uwauze kuti agogo awo akuti adzabwere adzalembe maina awo papulasitala asanachotsedwe. Azakhali akuti ndikupatse moni, ndipo ena amene anawonjezera sindilemba. Mulungu akusunge panjira. M'mapiri muja usathamange, ndipo ukakhota pamlatho uyang'anire mbuzi ndi njovu.

Loweruka atate akuti adzakhala pakhonde kuyambira m'mawa, atavala shati yoyera ija unawagulira. Terence adzalawirira kudoko kuti mukambirane momasuka, ndipo adzabwera masana. Chikwama chawo sindilongedza. Pambali pawo ndidzaika mpando wachiwiri. Ukadzakhala pamenepo udzawafunse, ndipo chimene adzayankhe ndicho tidzachite tonse.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Thecla